Mpando wa a Blasius

Elube anafika ku Misuku m'mwezi wa Juni, chaka cha 1981, atanyamula sutikesi imodzi, mbaula ndi thumba la mpunga wa ku Mposa. Ulendo unamutengera masiku anayi. Basi yomaliza inamusiya pa Kapoka, ndipo kuchokera apo anakwera lole yonyamula khofi imene inkakwera phiri mobuula ngati ng'ombe yodwala. Atatsika anayang'ana uku ndi uku kufunafuna tawuni imene kalata ya boma inkanena. Anaona sitolo ziwiri, positi ofesi, sukulu, ofesi ya chipani ndi nkhungu. Tawuniyo inali yomweyo.

Anali namwino komanso mzamba wongotuluka kumene kusukulu. Kwawo ku Machinga mayi ake anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo akagwira ntchito ku Zomba kapena ku Liwonde, pafupi poti n'kumabwera Loweruka. Kalata itabwera yotchula Chitipa, mayiwo anafunsa ngati kumeneko n'ku Malawi konkuno. Kenneth, mphunzitsi wa ku Utale amene anali atatumiza kale amalume ake kudzafunsira mbeta, anati adikira chaka chimodzi. Mawu oti "chimodzi" anawatchula kawiri, monga ankachitira pophunzitsa ana a Sitandade 2.

Chipatala chinali kanyumba ka zipinda zitatu, kozunguliridwa ndi mpanda wa minga wokhala ndi chipata chimodzi. Dokotala wa pamenepo anali atapita kukosi ku Lilongwe ndipo boma linali lisanakumbukire kutumiza wina. Namwino wakale, mayi wa komweko, anali atapuma ntchito. Munthu yekhayo amene Elube anamupeza anali a Blasius Silungwe, mlonda, amenenso ankatchetcha udzu ndi kutunga madzi. Anali mkulu wamtali, waimvi, wolankhula Chichewa chimene anachitola kumigodi ya ku Joni.

Anawapeza kuseri kwa chipinda chosungira mankhwala, atakhala pamwala, atayang'ana phiri. Malowo anali ozizira, pafupi ndi dzenje la zinyalala. Anamuuza kuti namwino wakale anawaika pamenepo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

Elube zinamupweteka. Ku Mposa munthu wa msinkhu wotero kumukhazika pamwala kuseri kwa nyumba, nkhani yake ikanafika kwa mfumu. Tsiku lachiwiri lomwelo anatulutsa mpando wabwino wa muofesi, wokhala ndi potsamira manja ndiponso nambala ya boma kunsi kwake, n'kuuika pakhonde, pafupi ndi chitseko, pamene dzuwa la m'mawa limayambira kuwomba. Anaganizanso kuti mkuluyo akakhala pafupi azimumasulira chilankhulo cha kumeneko.

"Mwala uja ndinauzolowera, a Sisita," anatero a Blasius.

Elube anaseka. Kwawo mlendo amakana chakudya kawiri asanasambe m'manja, ndipo iye anadziwa kuti uku kunali kukana kwa ulemu chabe. Anawakakamiza. Mwatsoka, kapena mwamwayi, nthawi yomweyo a tcheyamani a chipani anali kulowa pachipata kudzalonjera namwino watsopano. Ataona zimenezi anaimitsa anthu amene ankadutsa mumsewu n'kulankhula kwa mphindi makumi awiri. Anati ichi ndiye chitukuko. Anati mtsikana wochokera kummwera waphunzitsa Misuku yonse kulemekeza makolo, ndipo anatchula ngodya zinayi zonse, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, n'kuonetsa kuti zonsezo zinalimo mumpandomo. Anthu anaomba m'manja. A Blasius anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira.

M'kaundula wa namwino wakale, Lachiwiri lililonse kusikelo kunkabwera amayi oposa makumi anayi. Lachiwiri loyamba la Elube kunabwera asanu ndi mmodzi. Lotsatira asanu. Bedi lochiritsira amayi oyembekezera linakhala mwezi wathunthu osagonedwa, mpaka akangaude anayamba kuliyesa lawo. Amuna okha ndiwo ankabwera mwaunyinji, ndi zifuwa zawo ndi mabala a zikwanje, n'kumacheza ndi a Blasius pakhonde.

Elube anali munthu wosagona ndi funso. Ali mwana ankagonjetsa amalume ake pa bawo, ndipo kusukulu ya unamwino anzake ankamubisira nyuzipepala chifukwa ankamaliza mipikisano ya mawu ena asanaione. Choncho anayamba kufufuza. Poyamba anaganiza kuti vuto ndi chilankhulo, n'kuphunzira kunena "mwaghona", moni wa kumeneko, kwa aliyense wokumana naye. Amayi a kumsika ankamuyankha mosangalala, kumuninkha nthochi ndi mapeyala mpaka dengu kudzaza. Koma akawafunsa chifukwa chimene sakubwerera kusikelo, ankayang'ana pansi, kuseka pang'ono, n'kulonjeza kuti abwera Lachiwiri. Mmodzi yekha ndiye ananong'ona kuti pakhomo paja m'povuta kudutsa. Elube anakayang'ana pakhomopo, anaona kuti sitepe yake n'njaitali kwa munthu wapakati, ndipo anapempha a Blasius kuti aikonze. A Blasius anaikonza bwino kwambiri.

A tcheyamani nawo anati vutolo akulidziwa: amayiwo alibe makhadi a chipani, n'chifukwa chake akuopa kufika pamalo a boma. Anatumiza anyamata a Yufi m'midzi yonse. Anyamatawo anabwerako ndi lipoti loti mayi aliyense ali ndi khadi, ndipo ena oyembekezera ali ndi awiri, lina la mwana wam'mimba.

M'mwezi wa Seputembala kunabwera woyendera zipatala kuchokera kuboma, a Mohamedi, munthu wa ku Nsanama, ku Machinga komweko, amene anali atakhala kumpoto zaka zisanu ndi zitatu. Atamva kuti Elube ndi wa ku Mposa anavula chipewa, n'kuyamba kufunsa za matemba a ku Chilwa ngati akufunsa za abale ake. Kenaka anatsegula kaundula, n'kuimba kamluzu. Anati malamulo ndi omveka: zikakhala chonchi mpaka kutha kwa Disembala, mbali ya amayi itsekedwa, ndipo mzamba atumizidwa kumene kuli ntchito. Anatsitsa mawu n'kuwonjeza kuti akudziwa chipatala china cha ku Balaka chimene chikulira mzamba.

"Iwe ungokhala phee, mlongo wanga. Usavutike n'kufufuza. Chaka chatsopano ukadyera kwanu."

Masana omwewo Elube analembera Kenneth kalata ya masamba atatu.

Komabe funso silinachoke. Chipinda chopanda anthu chinali tikiti yake yobwererera kwawo, iye ankadziwa, koma chifukwa chake chinkamuyabwa ngati nsabwe ya m'chovala cha tchalitchi. Anadziuza kuti kudziwa sikulakwa, bola osachitapo kanthu. Anatenga pepala n'kulemba amayi onse amene ankabwera. Panali mkazi wa mkulu wa positi ofesi, wa ku Ntcheu. Panali akazi a aphunzitsi, mkazi wa wapolisi, atsikana awiri osakwatiwa ndi agogo obweretsa zidzukulu. Panalinso Lachiwiri limodzi la mu Ogasiti limene kunabwera amayi makumi atatu ndi asanu ndi awiri nthawi imodzi, mpaka iye osadya nkhomaliro. Nthawi imeneyo anaganiza kuti zinthu zayamba kuyenda, koma sabata yotsatira anabwereranso asanu aja. Anayesa kukumbukira chimene chinali chosiyana tsikulo. Kunali dzuwa. Koma dzuwa linawalanso masiku ena.

Yankho linamupeza panjira, Loweruka lina mu Okutobala. Ankachokera kumsewu ndi a Blasius, atanyamula palafini wa firiji ya katemera. Kutsogolo kwawo kunatulukira mayi wapakati atasenza mkoko wa nthochi. Mayiyo atangowaona anaponya mkokowo pansi, n'kudumphira m'munda wa nthochi kunsi kwa njira, ndi mimba yakeyo, kenaka anadzifunda chitenje kumutu atawafulatira. A Blasius anatsokomola mokweza n'kutembenuzira nkhope kuphiri, ngati kumeneko kwachitika chinthu chofunika kwambiri.

Elube anaima. Kudumpha kumeneko anali atakuonapo. Mlamu wake Pitala, mwamuna wa mkulu wake Nelia, ali mkamwini watsopano ku Mposa, anakumana ndi apongozi ake, mayi a Elube, pakanjira ka kudimba ndipo anadumphira patchire osayang'ana. Patchirepo panali chitedze. Anadzikanda masiku awiri, mudzi wonse ukuseka. Kwawo mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo ndiye amathawa apongozi ake aakazi. Kuno mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa mwamuna. Ndiye wothawa akhala ndani, nanga athawa yani? Ndipo anakumbukira kuti Lachiwiri lija la mu Ogasiti a Blasius anali kumaliro ku Karonga.

Atayenda pang'ono anawafunsa kuti ali ndi ana aamuna angati. Anati asanu ndi anayi. Anafunsa za ana a abale awo. A Blasius anati amenewonso ndi ana awo, palibe kusiyanitsa, ndipo anaika chigubu pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Zala zinatha, anabwerezanso, zinathanso. Onsewo anali okwatira, ena mitala. Kuwonjeza apo panali adzukulu a abale a bambo awo, amene anadzaza midzi itatu yoyandikana ndi chipatala. Mkazi aliyense wa anyamata amenewa sankaloledwa kuonana nawo maso, kudutsa pamaso pawo, ngakhale kutchula dzina lawo. Ndipo iwo, kwa miyezi inayi, anali atakhala pakhomo lokhalo la chipatala, pampando wokhala ndi potsamira manja.

"Nanga bwanji simunandiuze, bambo?"

"Ndinati mwala ndinauzolowera."

"Iyayi, kundiuza zenizeni."

A Blasius ananyamula chigubu chawo. Anati nkhani za mimba za akazi a ana ake munthu wamkulu sazitchula, makamaka kwa mtsikana. "Komanso ndi mpando wa boma, a Sisita. Uli ndi nambala kunsi. A tcheyamani anaulankhulira pagulu. Munthu ukakana mpando wa boma lero, mawa akufunsa kuti ukukananso chiyani."

Elube anafunsa ngati a tcheyamaniwo sankadziwa. A Blasius anati ankadziwa bwino, popeza mwana wamkazi wa a tcheyamaniwo anakwatiwa ndi mwana wachitatu wa a Blasius. A tcheyamaniwo anazindikira tsiku lomwe lija atafika kunyumba, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo kufufuza makhadi kunali kosavuta kusiyana ndi kubweza mawu olankhulidwa pagulu. Aphunzitsi ankadziwa. Wapolisi ankadziwa. Amayi onse amene ankamuninkha mapeyala ankadziwa. M'tawuni yonseyo munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa, yemwe uja ankagonjetsa amalume ake pa bawo.

Tsopano yankho anali nalo, ndipo linali lolemera kuposa funso. Kuti abwerere kwawo sankafunika kunama kapena kuba. Ankangofunika kusiya mpando pamene unali kwa miyezi iwiri ndi theka. Palibe akanamudzudzula, pakuti tawuni yonse inali itaonetsa kale kuti imadziwa kusunga pakamwa. Lolemba m'mawa analonjera a Blasius pakhonde monga mwa masiku onse. Lachiwiri anapima amayi ake asanu n'kutseka sikelo isanakwane teni koloko. Lachinayi kunabwera kalata ya Kenneth yonena kuti wapeza nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi siteshoni ya Utale, ndipo wagula kale nsalu ya makatani, yobiriwira.

Anakhala chete masiku asanu ndi anayi.

Tsiku lakhumi, masana, akuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba yake imene inali mkati mwa mpanda womwewo, anamva minga ikuthyoka. Pakabowo kamene agalu ankalowera panatulukira mutu, kenaka mapewa, kenaka mimba, movutikira. Anali mayi uja wa nthochi. Dzina lake anali Matilda, mkazi wa mwana wachisanu ndi chiwiri wa a Blasius, ndipo analankhula Chichewa cha kusukulu, choyera ngati cha pawailesi. Manja ake anali okalikakalika ndi minga. Koma Elube sanayang'ane mikwingwirimayo. Anayang'ana mapazi otupa, zala zonenepa ngati zipande za chinangwa ndi nkhope yofufuma. Matilda anati mutu ukumupweteka sabata yachiwiri, ndipo nthawi zina amaona tinthu towala m'maso. Mimba yoyamba, imene anachirira kunyumba, mwana sanalire.

Elube anakatenga chopimira kuthamanga kwa magazi n'kumupima pakhonde la nyumba yake. Anapima kawiri, poganiza kuti walakwitsa. Anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti azibwera kawiri pa sabata, ndipo nthawi ikayandikira adzagone kuchipatala konkuno kuti zikavuta adzaitanitse galimoto ya kuboma.

Matilda anayang'ana kumpanda. "Ndizibwera, a Sisita. Kungoti bowo lija likunka lichepa."

Anatinso kumudzi kwawo kokha kuli anzake oyembekezera khumi ndi anayi, ndipo ena ndi onenepa kuposa iye.

Atapita, Elube anakhala pansi n'kuyesa kuisewera nkhaniyo ngati bawo. Akanatha kukulitsa bowolo n'kumaona amayiwo kunyumba kwake, osawalemba m'kaundula. Amayi akanathandizidwa, kaundula akanakhalabe wopanda anthu, ndipo iye akanapita kwawo. Njirayo inamukongolera kwa ola lathunthu. Kenaka anaona pamene inathera. Mankhwala ankatumizidwa molingana ndi mayina a m'kaundula. Galimoto ya kuboma sikanabwerera munthu amene sanalembedwe. Ndipo mu Januwale, mbali ya amayi itatsekedwa, iye ali ku Utale kupachika makatani obiriwira, bowolo likanatsala lokha, lopanda munthu mbali inayo. Anayesa kuyambira dzenje lina, nayonso njirayo inakathera pomwepo.

Chotsala chinali kuchotsa mpando popanda kukana mpando. Kuwabweza a Blasius kumwala kukanakhala kunyoza mawu a a tcheyamani. Choncho Elube anatenga pepala la boma n'kulemba kuti, poona kukhulupirika kwawo, a Blasius Silungwe akwezedwa kukhala woyang'anira chipinda cha mankhwala ndi firiji ya katemera, ndipo kuyambira Lolemba azikhala pakhomo la chipindacho, kuseri, pamodzi ndi mpando wawo. Anadinda chidindo kawiri. A Blasius atawerengeredwa kalatayo anafunsa ngati ili lamulo. Atamva kuti ndi lamulo, anapuma mpweya wautali n'kupempha kuti aisunge okha.

A tcheyamani anaitanidwa kudzachitira umboni, ndipo anabwera mofulumira kuposa nthawi zonse. Analankhulanso mphindi makumi awiri. Anati ichi ndiye chitukuko, ndipo ngodya zinayi zija anazipezanso zonse, ulendo uno kuseri kwa nyumba. Amuna awiri ananyamula mpando n'kukauika pambali pa mwala. Anthu atabalalika, a Blasius anavula jekete, n'kulikoleka bwinobwino pampandopo, iwo n'kukhala pamwala, kuyang'ana phiri.

Lachiwiri kunabwera amayi makumi asanu ndi awiri. Palibe anatchula chifukwa. Analowa pachipata akuseka, ena akuyamikira sitepe yatsopano ija. Matilda anagonekedwa sabata ziwiri mu Disembala ndipo anachira mwana wamkazi, wochepa thupi koma wamawu. Kulirako kutamveka kuseri, a Blasius anafunsa mokweza, nkhope ili kuphiri, ngati kwabwera wotunga madzi kapena woweta ng'ombe. Elube anawayankha pawindo.

A Mohamedi anabweranso mu Januwale. Anatsegula kaundula, n'kutembenuza masamba odzaza mpaka m'mphepete, kenaka anamuyang'ana Elube nthawi yaitali.

"Ndinati ukhale phee."

"Ndinayesa, achimwene. Masiku naini."

Anapukusa mutu n'kulemba lipoti lawo moona mtima, chifukwa anali munthu woopa Mulungu. Patatha mwezi kunabwera kalata yochokera kuboma yoyamikira namwino Elube chifukwa chomvetsa miyambo ya anthu a m'deralo mwa njira yosowa pakati pa antchito ochokera kutali. Ndime yomaliza inati, pa chifukwa chimenechi, sikungakhale kwanzeru kumusuntha m'zaka zikubwerazi.

Elube anaiwerenga kawiri. Kenaka analembera Kenneth tsamba limodzi lokha. Anamuuza kuti kusukulu ya ku Misuku kukusowa mphunzitsi wa Sitandade 2, kuti makatani obiriwira angakwane pamawindo a nyumba ya namwino, ndiponso kuti, monga iye akudziwa, kwawo mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anamukumbutsa kuti apongozi ake ali kutali, choncho kuno sadzadumphira m'chitedze. Za kuzizira sanatchule.

Pochokera kupositi ofesi anadzera kuseri kwa chipatala n'kupempha a Blasius kuti amupezere mphukira zinayi za nthochi zoti abzale kuseri kwa nyumba yake. Mkuluyo anamuyang'ana chammbali n'kumuchenjeza kuti nthochi za kumapiri kuno sizifulumira, zimatha chaka ndi theka zisanabereke.

"Ndikudziwa, bambo," anatero Elube. "Mubweretse ndi khasu lomwe."